Alimi afunsa za soda m'masamba, mfutso, nandolo ndi mbatata yofiira mkati

Mafunso amene abwera ulendo uno kuchokera m'makalabu a alimi a ku Lunzu, Lirangwe ndi Ntonda ambiri ndi akukhitchini. Ndawalandira ndi manja awiri, chifukwa m'dera lathu lino mbewu timalima zokwanira mitundu, koma phindu lake lambiri limatayikira pa mafuwa.

Mayi wina wa ku Lunzu akuti: "Mumatiletsa kuthira soda m'masamba. Nanga nkhwani ndi therere zifewa bwanji?"

Mayi, soda ndi chidulo zimafewetsadi, ndipo masamba amatuluka obiriwira mokopa. Vuto ndi lakuti zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, omwe ndi ena mwa zimene timadyera masambawo. Nkhwani sufuna soda ngati mwathyola masamba anthete n'kuwasadzula bwino. Tsukani musanadule, osati mutadula kale. Madzi akhale ochepa, ayambe awira ndiye muikemo masamba, vundikirani, ndipo pakatha mphindi 10 phulani. Msuzi wotsala musakhuthulire kudzala, muli zofunika zimene zasungunukiramo. Bonongwe, luni, kholowa ndi khwanya ndi chimodzimodzi.

Za therere ndikudziwa kuti tikangana. Ambiri amati therere lopanda soda si therere. Komatu therere lobala lanthete limapsa bwinobwino ndi matimati ndi anyezi basi. Ngati pakhomo akana, thirani kochepetsetsa, ndipo lisakhale ndiwo yokhayo yamasamba sabata yonse.

Chigwada chokha ndiye musachithamangire. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka mukawasinja bwino ndi kuwawiritsa nthawi yaitali, mphika uli wosavundikira poyamba.

Pa kutendera ndikuyamikani, pitirizani. Vitamini A wa m'masamba obiriwira salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndipo nsinjiro zimapereka mafutawo pamodzi ndi zomanga thupi. Koma pali chizolowezi chimene chimandidetsa nkhawa: mtedza wabwino timapita nawo ku msika, wofwapa ndi wachuku n'kusinja nsinjiro za ana athu. Poizoni wa chuku safa ndi moto. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo amasokoneza kakulidwe ka mwana. Mtedza wowola, wakuda kapena wowawa ndi wotaya.

Funso lachiwiri ndi la mfutso: kodi ukauma umakhala udakali ndi ntchito m'thupi?

Inde. Vitamini C ndiye amachepa kwambiri, koma ayironi ndi michere ina imatsalamo, ndipo vitamini A amatsala wambiri ngati mwafutsa mosamala. Mu February ndi March chitambe, nkhwani ndi chisoso zimachita kutisowetsa pozitaya, koma pofika October mpukutu wa mpiru pa msika wa Limbe wakwera mtengo. Choncho futsani nthawi ya mvula ikamatha. Viikani masamba m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, tsanulani, ndipo yanikani pa thandala pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu ndi limene limapha vitamini A, ndipo pansi pali fumbi ndi nkhuku. Agogo athu ankasunga m'zikwatu n'kupachika. Lero chidebe chouma chotsekeka bwino chimagwiranso ntchito.

Bambo wina wa ku Lirangwe walemba kuti nandolo amagulitsa yense kwa mavenda chifukwa ana ake amati amawatupitsa m'mimba.

Bambo, apa ndikhalitsapo. Nandolo ndiye nyama ya ife a kummwera kuno. Amapirira ng'amba, amalimidwa pamodzi ndi chimanga, amawonjezera chonde m'nthaka, ndipo mitengo yake ndi nkhuni. Kugulitsa si kulakwa, ndalama ya fizi imachokera momwemo, koma patulani thumba limodzi la pakhomo musanaone sikelo ya venda. Nsima payokha ili ndi zomanga thupi zoperewera, ndipo zimene ikusowa zimapezeka mu nandolo, khobwe, nzama ndi nyemba. Zikakumana m'mbale imodzi zimakwaniritsana.

Kutupa m'mimbako kumachepa mukaviika nandolo m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kutaya madziwo, n'kuphika ndi ena mpaka afeweretu. Makala nawo mumapulumutsa. Kwa ana aang'ono chotsani makoko muphike chipere. Yambani ndi pang'ono, m'mimba mumazolowera. Nthawi ya nandolo wamuwisi musawamane makata, ana sakana amenewo.

Mbewu za mtundu wa nyemba zili ndi ayironi, mchere umene umathandiza kupanga magazi, koma ayironi wa m'zomera thupi limamutenga movutikira. Chomuthandiza ndi vitamini C: matimati mu ndiwo, kufinyira ndimu, kapena kudya gwafa, papaya, bwemba kapena malambe mukangomaliza nsima. Chomutsekereza ndi tiyi. Amayi oyembekezera ndi atsikana asamwere tiyi pa chakudya, adikire papite ola limodzi. Amene mumalima nyemba funsani mbewu ya NUA 45, yomwe ili ndi ayironi ndi zinki wochulukirapo.

Musaiwale phala. Kafukufuku wa m'Malawi monse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo phala lamadzimadzi la ufa woyera lili m'gulu la zoyambitsa. Mwana akakwana miyezi 6, pamodzi ndi bere, mpatseni phala lolimbirako la mgaiwa. Sakanizani makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga n'kukagayitsa, monga amapangira Likuni Phala. Soya wosakazinga kapena kuwiritsa sagayika bwino m'mimba. Supuni ya nsinjiro kapena ya masamba osinja pamwamba pake ndi yabwino.

Ena afunsa ngati mbatata yofiira mkati iposadi yoyera. Pa vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi, iposa kutali. Mbatata imodzi yaing'ono yophika imakwanira vitamini A amene mwana wamng'ono amafuna pa tsiku. Mitundu yake ilipo monga Kadyaubwerere, Chipika, Mathuthu, Kaphulira ndi Zondeni, ndipo akatswiri ake ali pafupi pompa, ku malo a kafukufuku a Bvumbwe. Amene amati ndi yamadzimadzi ayese futali, aone ngati mumphika mutsale kanthu. Masamba akenso ndi kholowa yemwe uja.

Funso limene ndimaliopa ndi ili, lochokera kwa agogo ena a ku Mpemba: "Akuti chamwamba ndi chisoso zimachiza shuga ndi BP. Ndisiye mapiritsi?"

Ayi agogo, musasiye. Chamwamba ndi ndiwo yabwino kwambiri, chisoso chimodzimodzi, koma ndi chakudya. Mankhwala asinthe ndi adokotala amene amakuyezani. Chimene chakudya chingachite ndi kuthandizira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo, m'tizokometsera togula tija, ndi mu usipa wothira mchere. Limatinso tizidya magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse. Kwa a shuga, mgaiwa uposa ufa woyera chifukwa pokonola timachotsa gaga ndi mtima wa chimanga, n'kupatsa nkhumba gawo labwino. Komabe mgaiwa nawo ndi nsima, mitanda ichepe, ndiwo zichuluke.

Womaliza ndi mayi wa ku Ndirande amene ali pa lendi ndipo malo alibe. Mayi, thumba lakale la feteleza ndi dimba. Litsukeni, dzazani dothi losakaniza ndi manyowa owolerana, ikani timiyala pakati kuchokera pansi mpaka pamwamba kuti madzi azitsika, boolani m'mbali n'kuwokeramo mpiru kapena repu, pamwamba fesani bonongwe. Bonongwe pakatha mwezi mwayamba kuthyola. Thirirani ndi madzi otsukuluzira mbale kapena otsukira mpunga, bola asakhale a sopo wambiri. Madzi a mu mtsinje wa Mudi ndi a m'ngalande musathirire masamba, muli zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale. Matumba atatu obzala mosiyanitsa masabata awiri awiri akupatsani ndiwo mosadukiza, ndipo tsiku losamuka mumangowakweza pa galimoto pamodzi ndi katundu.