Wakisi ndi sealant: choyamba n'chiti pa penti ya galimoto?

Bambo wina wa ku Ntcheu watilembera imelo. Ali ndi Toyota Sienta yakuda, imagona panja pansi pa mtengo wa mango, ndipo kawiri pa sabata imapita ku Lizulu kukatenga kachewere. Akuti: "Ndinapaka wakisi wa m'chitini, pamwamba pake n'kupaka sealant. Patangotha masabata atatu kuwala konse kunatha. Ndinalakwitsa pati? Kapena ndingopakitsa ceramic?"

Bambo, mankhwala munagula ndi abwinobwino, koma munayamba ndi denga maziko asanakumbidwe. Sealant, mankhwala a m'botolo opaka pa penti kuti aiteteze, amafuna kugwira penti yeniyeniyo. Wakisi wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wina wa ku Brazil, ndi phula losakaniza ndi mafuta, ndiye sealant wanuyo anangokhala pa mafuta, wakisi pochoka anachokera limodzi. Sealant apite pansi, wakisi pamwamba. Sealant wopakidwa bwino amakhala miyezi 4 mpaka 6, pamene wakisi amatha m'masabata 6 kapena 8, ndipo pa galimoto yakuda yokhala padzuwa la Okutobala amatha msanga kuposa pamenepo. Ntchito ya wakisi ndi kupatsa penti yakuda kuwala kozama kuja, kokhala ngati yanyowa.

Koma zonsezi sizigwira ngati penti ili ndi litsiro losaoneka. Tsukani galimoto pamthunzi, boneti itazizira, ndi shampu wa galimoto ndi ndowa ziwiri: ina ya thovu, ina ya madzi okhaokha yotsukuluziramo siponji musanaibwezere m'thovu. Fumbi lofiira la m'misewu yathu ya kumudzi ndi mchenga wosalala, mukalibwezera pa penti limakala timizere tozungulira tija timaoneka dzuwa likawomba pachitseko. Ikauma, valani kajumbo kopyapyala kudzanja musisite boneti pang'onopang'ono. Mukamva tokhakhala ngati nsenjere, umenewo ndi utomoni wa mango, timadontho ta phula la mu M1 ndi fumbi la mabuleki. Shampu sachotsa zimenezi. Pamafunika clay bar, kadongo kofewa kosisitira penti mutathira madzi a thovu ambiri. Kakagwa pansi katayeni, katola mchenga.

Ngati timizere tilipo tambiri, pakani polishi. Apa anthu amasokoneza: polishi sateteza, amapala pang'ono kliya, vanishi woonekera wa pamwamba pa penti, kuti asalale. Kliyayo ndi wopyapyala kuposa pepala la kope, choncho kamodzi pa chaka n'kokwanira, ndipo musalimbikire m'mbali mwa zitseko momwe amatherapo msanga. Mukamaliza pukutani ndi isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti) wosakaniza ndi madzi, gawo limodzi la mankhwala ku magawo anayi a madzi, kuti mafuta a polishi achoke. Wakisi wakale uja achokeranso pomwepo.

Tsopano sealant. Madontho atatu kapena anayi pa siponji akwanira theka la boneti. Pakani mopyapyala, wochuluka sawonjezera chitetezo, amangovuta kupukuta n'kusiya mawanga. Dikirani mphindi zomwe zalembedwa pa botolo, kenaka dutsitsani chala: pakayera, pukutani ndi kansalu ka microfibre, pakapakika, sanaume. Ndiye musiyeni maola 12 mpaka 24 asananyowe. Kuno ndi pamene nyengo yathu imapusitsa anthu. Mu Juni ndi Julayi, ku Dedza ndi cha ku Tsangano mame ndi chifunga zimanyowetsa galimoto kusanache, ndipo kuzizira kumachedwetsa kuuma. Pakani cha m'ma 9 koloko m'mawa, usiku umenewo igone mu shedi, ngakhale yobwereka kwa aneba. Mawa lake pakani wakisi, kamodzi, mopyapyalanso. Kupaka katatu n'kutaya ndalama, wachitatu amangosungunula wachiwiri. Samalani mapulasitiki akuda a m'mbali, wakisi amawasiya oyera ngati phulusa.

Za ceramic, mankhwala amadzi amene akauma amakuta penti molimba, inde amakhala zaka ziwiri kapena kuposa, koma pa galimoto yogona panja ife sitikulimbikitsani kupaka nokha. Amafuna malo otseka opanda fumbi, maola 24 osakhudza madzi, sabata yathunthu osatsuka, ndipo pomwe mwachedwa kupukuta pamauma banga lochoka ndi polishi wa makina basi. Sapakidwanso pamwamba pa wakisi kapena sealant. Ceramic wopopera wa m'mabotolo ndi nkhani ina, amene uja mutengeni ngati sealant wa miyezi ingapo. Ngati pali chitseko chomwe anapopera penti posachedwa, chidikire miyezi iwiri musanapakepo chilichonse.

Funso lomwe simunafunse ndi la kokatsukitsa. Anyamata ambiri a pa kawoshi amagwiritsa sopo wa ufa wochapira zovala, amene amadya wakisi pa matsuko awiri atatu okha. Muziyenda ndi shampu wanu ndi nsalu zanu m'buti. Madzi a pa mjigo asaumire pa penti, amasiya timawanga toyera ta mchere. Zitosi za mbalame za pansi pa mango paja zichotseni tsiku lomwelo: ikanipo kansalu konyowa mphindi zisanu, kenaka nyamulani osakhula. Mukadzaona madzi asiya kupanga timikanda pa boneti n'kumangoyala, bwerezani wakisi yekha. Sealant adikire miyezi yake.