Chimene chikufooketsa WRX yanu pa lapu yachinayi ku Donnybrook

Achimwene, mwati Subaru WRX yanu imakoka bwino malapu atatu oyamba ku Donnybrook, bwalo la mipikisano ya magalimoto ku Harare, kenako n'kuyamba ulesi, ndipo mukufunsa ngati mugule intercooler yaikulu, chipangizo choziziritsa mpweya wochokera ku turbo usanalowe mu injini. Musathamangire kugula. Zimenezo ndi heat soak: aluminiyamu wa intercooler wamwa kutentha mpaka kukhuta, ndiye mpweya ukulowa mu injini usanazizire. Kompyuta ya injini ikangomva knock (mafuta kuphulika mosalongosoka mu silinda) imabweza timing (nthawi yoyatsira moto mu silinda), mphamvu n'kuthawa.

Harare yeniyeniyi ikuwonjezera vuto. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, pomwe mpweya umangofika 0.85 bar. Kuti turbo ipereke boost (mpweya wowonjezera womwe imakankhira mu injini) ya 1 bar, imafinya mpweya pafupifupi ka 2.2, pomwe kugombe la nyanja ikanaufinya kawiri kokha. Masana a Okutobala, kunja kuli madigiri 30, mpweyawo umatuluka mu turbo uli pa madigiri 135 mpaka 140. Mphepo yoti iuziziritse nayonso ndi yopepuka.

Yambani ndi kuyeza. Koma chenjerani: pa injini zambiri za Subaru zamtundu wa EJ sensa ya kutentha kwa mpweya ili mu MAF (choyezera mpweya wolowa), turbo isanafike, choncho nambala ya pa OBD (powerengera manambala a kompyuta ya galimoto) ikupusitsani. Ikani sensa ina pakati pa intercooler ndi throttle (chotsegulira mpweya wolowa mu injini), mulembe nambala lapu iliyonse. Ikamakwera osabwerera pansi ngakhale panjira yowongoka, n'kudutsa madigiri 55 kapena 60, mwaligwira vuto.

Kenako onani labala amene amamata chibowo cha pa boneti ndi intercooler. Ameneyu ndiye amanyalanyazidwa kwambiri, pamene ntchito yonse yagona pa iye. Akang'ambika kapena kusowa, mphepo imadzera m'mbali poti imakonda njira yophweka, ndipo intercooler imangokhala pamwamba pa injini n'kumaotcheka ndi turbo. Matani mipata yonse, ikani chotchinga kutentha pa turbo ndi pa downpipe (paipi yotulutsa utsi kuchoka ku turbo). Mukatero imasuleni intercooler, mutsuke oyilo wa m'kati, muiumitse bwinobwino, muchotse udzu ndi fumbi, muwongole timapepe topindika. Pompani mpweya wa 1 bar m'mapaipi n'kuwaza madzi a sopo m'molumikizira. Pakatuluka thovu, turbo ikudzipanikiza pachabe n'kumatenthetsa mpweya koposa.

Kupopera madzi pa intercooler kumathandiza ndithu m'nyengo youma, chifukwa madziwo amauma msanga n'kutenga kutentha. Ingoonetsetsani kuti sakudonthera panjira, ndipo funsani kaye oyang'anira mpikisano. Lapu yomaliza iyendeni mopanda boost, mukaima tsegulani boneti.

Zonsezi zikakanika, m'pamene mungaganize za intercooler ya kutsogolo. Nayo ili ndi zake: imatchinga rediyeta, madzi ndi oyilo n'kuyamba kutentha, mapaipi aatali amachedwetsako boost, ndipo galimoto iyenera kuchunidwanso pa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini) musanabwerere nayo ku Donnybrook.