Kodi masewera ali ndi malo mulaibulale ya pa yunivesite?

Funso: Ndimagwira ntchito mulaibulale ya pa yunivesite. Ophunzira akupempha kuti tiziikamo masewera a pakompyuta ndi a patebulo, koma abwana akuti zimenezo n'zachibwana. Ndiwayankhe bwanji?

Yankho: Musayambe ndi nkhani ya chisangalalo ayi. Auzeni abwanawo kuti amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta, kujambula kapena uphunzitsi amafunika kuwagwira ndi manja masewerawa, monga momwe wophunzira zolembalemba amafunira buku. Si zachilendonso: Yunivesite ya Michigan, ku America, inatsegula chipinda chosungiramo masewera otere mu 2008.

Yambani pang'ono. Masewera a patebulo khumi ndi makina amodzi n'zokwanira, ndipo musankhire limodzi ndi aphunzitsi.

Chimene chimavuta kwambiri ndi tizidutswa. Tchesi imakhala ndi tizidutswa 32, ndipo kamodzi kokha kakasowa, bokosi lonse latha ntchito. Matani mndandanda wake kunsi kwa chivundikiro, sungani tizidutswato m'timatumba tapulasitiki totseka, ndipo muziwerenga wobwerekayo ali chiimire pomwepo. Mukadikira mawa, palibe amene adzavomere kuti anataya ndi iye.

Masewera a pakompyuta gulani a pa disiki. Ochita kutsitsa pa intaneti amakhala pa akaunti imodzi, ndipo kawirikawiri chilolezo chake sichilola kubwereketsa. Zipangizo za m'manja zowongolera masewera a pakompyuta n'zimene zimayamba kuwonongeka, makamaka timabatani, ndiye mukhale ndi zina zapadera.

Phokoso lokha lingakudanitseni ndi owerenga. Patulani chipinda chotseka, muikemo mahedifoni, ndipo gulu lililonse lizilembetsa maola awiri basi.