Nsanja ya mamita 18 kapena mapaipi awiri? Yankho kwa bambo a ku Ulongwe

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo ena a ku Ulongwe ku Mozambique, mphunzitsi wopuma pantchito. Mwana wawo wa ku Johannesburg wawatumizira wailesi ya HF ya mawati 100, ija yolankhulirana ndi anthu akutali, ndipo mmisiri wina wowotcherera wawauza kuti akhoza kuwapangira nsanja ya mamita 18 ndi zitsulo za m'konkire. Mafunso awo ndi atatu: avomere kodi? Dzenje la maziko likhale lakuya bwanji? Nanga awayankhe chiyani mayi akunyumba, amene anena kale kuti chitsulo chimenecho chidzaitana mphezi pakhomo?

Bambo, nsanjayo ikaneni. Sindikunyoza mmisiriyo, mageti ndi mawindo mwina amapanga okongola, koma nsanja yoima yokha popanda zingwe ndi ntchito ya injiniya wodziwa kuwerengera mphamvu ya mphepo. Zitsulo zina za m'konkire zikawotchereredwa zimauma, n'kudzathyokera pambali penipeni pa msoko, ndipo diso silingaone zimenezo pasadakhale. Chachiwiri, chilichonse chimene mwachiika pamwamba pa nsanja yotere, tsiku lina munthu adzayenera kuchikwerera. Adzakwera ndani, inuyo kapena mdzukulu? Ndalamazo gulani mapaipi awiri opangira mlongoti, zingwe zabwino ndi kopa wokwirira pansi. Chenji chitsala.

Musanagule ngakhale bawuti imodzi, yambani ndi chiphaso. Kuno ku Mozambique oyang'anira mafunde a wailesi ndi a INCM, ndipo dzina loitanira limene amapereka limayamba ndi C9. La ku Malawi limayamba ndi 7Q, limachokera ku MACRA, ndipo siligwira ntchito mbali ino ngakhale Dedza mukumuona ndi maso. Kumvetsera kokha mukhoza kuyamba lero. Kulankhula, dikirani pepala.

Anthu ambiri amaganiza kuti eriyo ikapita m'mwamba kwambiri ndiye kuti mawu afika kutali kwambiri. Pa VHF, mawailesi olankhulirana ndi anthu apafupi, monga pa 145 MHz (MHz ndi muyeso wa mafunde a wailesi), zimenezo n'zoona ndithu, chifukwa mafunde ake amayenda molunjika ndipo phiri limawatchinga. Wailesi yanu ndi ina. Mafunde a HF amakwera kumwamba, kukagunda mpweya wa m'mwamba kwambiri wotchedwa ionosphere, n'kubwerera pansi. Waya wa 7 MHz wopachikidwa pa mamita 10 kapena 11 amaponya mphamvu yake yambiri cham'mwamba, ndipo imagwa mozungulira dera lonse, ngati tochi yowalitsa kudenga imene imadzaza chipinda chonse ndi kuwala. Ndiye kuti masana mudzamveka ku Tete, Lilongwe, Blantyre, Chipata mpaka ku Beira, popanda phiri la Domwe kukutchingani. Usiku ntchito yomweyo amaigwira ndi 3.5 MHz. Ndipo mukapita pa 14 MHz, mamita 10 omwewo ndi theka la kutalika kwa funde, msinkhu umene umayamba kuponya mafunde chopendekera, kulowera ku Ulaya ndi ku Brazil. Mlongoti umodzi wamfupi, ntchito ziwiri.

Eriyo yoyambira ikhale ya mawaya awiri, ija amati dipole. Gawani 143 ndi nambala ya MHz, mupeza kutalika kwa waya yense m'mamita. Pa 7.1 MHz ndi mamita 20 ndi kachidutswa, mbali iliyonse pafupifupi 10. Dulani motalikirako pang'ono kuti muzichepetsa poyeza. Pakati pakhale pamwamba pa mlongoti, miyendo itsike uku ndi uku motambasuka bwino, koma nsonga zake zisatsike kupitirira mamita 3 kuchokera pansi. Kunsongako n'kumene kumakhala magetsi amphamvu mukamalankhula, ndipo amawotcha dzanja la mwana. Wayayo atalikirenso malata a nyumba, chifukwa malata amasokoneza muyeso wake.

Mlongoti wake ndi uwu. Mapaipi amadzi achitsulo, aja okutidwa ndi zinki, amabwera aatali mamita 6. Gulani awiri osiyana kukula, monga la mainchesi 2 ndi la inchesi ndi theka, laling'ono lilowe m'lalikulu pafupifupi mita imodzi, mumange ndi mabawuti awiri opyoza. Musalumikize ndi soketi ya mazinga, pamazinga m'pamene paipi yapyapyala ndipo imathyokera pomwepo. Mupeza mamita 11. Pansi pake mmisiri uja akupangireni chitsulo chokhala ndi bawuti yaikulu yopingasa, kuti mlongoti uzigona ndi kudzuka. Ntchito imeneyo ndiye yake, ndipo pamene wawotcherera papakidwe penti yoletsa dzimbiri, poti moto umapsereza zinki. Pamwamba ikani kagudumu ndi chingwe ngati pa mlongoti wa mbendera kusukulu kwanu kuja, eriyo muzikweza ndi kutsitsa mutaima pansi.

Ena andifunsapo za mtengo wa bulugamu, poti ku Angónia, boma la kwanuko, ndi wosasowa. Umagwira ntchito, koma chiswe chimaudya m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Ngati mwasankha umenewo, usakhudze dothi: uime pakati pa zitsulo ziwiri zozikidwa m'konkire. Chimene ndikukanizeni kwamtuwagalu ndi kukhomerera mlongoti kukhoma la njerwa zomangira dothi. Mphepo ikamaugwedeza, khoma limang'aluka.

Tsopano funso la dzenje. Mlongoti wa zingwe sufuna maziko aakulu, chifukwa tsinde lake limangosenza kulemera kotsikira pansi. Masentimita 50 uku ndi uku, kuya 60, zakwana. Nsanja yoima yokha ikanafuna konkire wa makyubiki mita angapo, ndipo kyubiki imodzi imadya matumba a simenti pafupifupi 7. Mphamvu ya mlongoti wanu ili pa zikhomo zomangirira zingwe, ndiye khama lanu lipite kumeneko. Mphepo ikawirikiza liwiro kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Ya makilomita 100 pa ola imakankha ndi mphamvu yofika makilogalamu pafupifupi 50 pa sikweya mita iliyonse. Ndipo mphepo yotere simabwera dothi lili louma gwa. Imabwera mu Januwale, nthaka itakhuta madzi, pamene chikhomo chongokhomera ndi hamala chimazuka ndi dzanja limodzi. Amene anaona namondwe Ana mu Januwale 2022, uja anagumula mlatho wa pa Revúboè pakati pa Tete ndi Moatize, akudziwa mmene dothi la kuno limafewera mvula ikakakamira. Choncho chikhomo chilichonse chikhale ndi dzenje lake lakuya masentimita 80, chitsulo chopinda kunsi kwake, ndi konkire wa muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, itatu ya miyala. Muzimuthirira madzi sabata yathunthu musanakoke chingwe. Mphamvu yake yonse imakwana pa masiku 28.

Mabuku ambiri amati zingwe zipite mbali zitatu. Pa mlongoti wogona ndi kudzuka ine ndimakonda zinayi, chifukwa ziwiri za m'mbali zimakhala zomangidwa kale podzutsa ndipo mlongoti sungapatukire kumbali. Mangani pawiri, cha pa mamita 5 ndi cha pa mamita 10, zikhomo zitalikire mamita 7 kapena 8 kuchokera patsinde. Zingwe za buluu za pamsika zija dzuwa limazifumbutsa msanga, zisiyeni zikhale zomangira katundu pa njinga. Funani za polyester, kapena waya wachitsulo wopota. Mukasankha waya, mudule ndi zotchinga magetsi m'zigawo zifupizifupi kuti asasanduke eriyo yachiwiri. Musakoke mpaka kulira ngati gitala, kukoka kwambiri kumapinda paipi. M'munsi mwa chingwe chilichonse vekani kapaipi kapulasitiki koyera, kuti mwana wothamanga madzulo kapena ng'ombe yochokera kudambo ichione.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapha anthu pa ntchito imeneyi kuposa mphezi, ndicho waya wa EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique. Yezani kuchokera patsinde la mlongoti kufika pa waya wapafupi, kuphatikizapo uja wolowa m'nyumba mwanu. Mtundawo ukhale kawiri kutalika kwa mlongoti. Ukapanda kukwana, sunthani malo kapena fupikitsani mlongoti. Mawaya a 33 kV sadikira kuti muwakhudze, magetsi ake amalumpha. Tsiku lodzutsa likhale la bata, m'mamawa, anthu anayi kapena asanu, wolamula mmodzi yekha.

Mayi akunyumba musawatsutse, chifukwa mbali ina akunena zoona. Chitsulo sichiitana mphezi kuchokera ku mitambo yakutali, koma mphezi imene ikanagwa pafupi imasankha chinthu chachitali. Ndipo mwayi womenyedwa umakula mofulumira kuposa msinkhu: nsanja ya mamita 18 ili pangozi kuposa kawiri ndi theka poyerekeza ndi mlongoti wa mamita 11. Kumtunda kwanuko, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ziphaliwali za Novembala ndi Disembala si zamasewera. Mphezi wamba imanyamula ma ampere pafupifupi 30,000. Simungaiimitse, mungangoipatsa njira yachidule yolowera pansi kunja kwa nyumba.

Njirayo imapangidwa chonchi. Patsinde la mlongoti khomani ndodo zitatu za earth, zija zolowetsa magetsi m'nthaka, zokutidwa ndi kopa, za mamita 2.4 ngati zikupezeka, zotalikirana osachepera kutalika kwa ndodo imodzi, kawiri n'kwabwino koposa. Zilumikizeni ndi waya wakopa wonenepa, wosachepera 16 mm², wamfupi, wopanda ngodya zakuthwa. Kopa asagundane mwachindunji ndi paipi ya zinki, ziwirizi zikanyowa zimadyana. Ikani kachitsulo ka stainless pakati. Kenako, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya, ndodo zimenezi zilumikizidwe ndi earth ya magetsi a m'nyumba, waya wake adutse panja, pansi pa nthaka. Zikakhala zosiyana, mphezi imadzipezera yokha njira yochoka ku imodzi kupita ku inzake, ndipo njirayo imadutsa m'wailesi yanu, mwinanso m'dzanja lanu. Ngati pansi pali thanthwe ndipo ndodo ikukana kulowa, yalani mawaya angapo m'ngalande zosaya, otuluka patsinde mbali zonse. Amisiri ena a magetsi amathira mchere m'dzenje la ndodo. Chaka choyamba muyeso umaoneka bwino, kenako mchere umasungunuka ndi mvula utadya kale ndodoyo. Ine sindithira. Kopa yense mukwirire, chifukwa woonekera amakopa maso a ogulitsa zitsulo zakutha.

Ngakhale mutachita zonsezi, mukatha kulankhula zulani chingwe cha eriyo kunja kwa nyumba, musachisiye chili lende pansi pa tebulo, ndipo zulaninso pulagi. Chitani zimenezi mitambo isanafike. Phokoso la bingu limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye mukaona kung'anima n'kumva kugunda musanawerenge kufika 30, mvulayo ili kale m'kati mwa makilomita 10 ndipo si nthawi yogwiranso chingwe. Mayi aonetseni ndodo zija musanazikwirire, ndipo m'miyezi ya mvula yamabingu mlongoti ukhoza kumagona pansi mukachokapo. Muwafotokozerenso anansi ndi a nyakwawa musanadzutse. Chitsulo chachilendo chikangotulukira pamudzi, mphezi ikadzagwa pa khola la munthu wina mlandu udzakhala wanu.

Chingwe chochokera ku eriyo, coax, mdani wake ndi madzi. Coax ya mtundu wa RG-58 ikwanira pa 7 MHz ngati mtunda ndi waufupi, RG-213 ndi yolimba ndipo imataya mphamvu yochepa. Mapulagi a PL-259 satchinga madzi ngakhale pang'ono. Akulungeni ndi tepi ya rabala yodzimata yokha, pamwamba pake tepi yakuda wamba yoteteza ku dzuwa. Polowa m'nyumba chingwe chiyambe chatsika kenako chikwere, kuti madontho azigwera panja.

Kusamala kwake ndi kawiri pachaka: mu Okutobala mvula isanayambe, ndi mu Meyi itatha, mwera usanalimbe. Gonekani mlongoti, yang'anani dzimbiri pa mabawuti ndi pamene paipi yalowa mu inzake, gwedezani zikhomo, pendani pamene chingwe chikukhuzana ndi chitsulo. Lambulani udzu kuzungulira zikhomo chilimwe chisanafike pachimake, moto wa osaka mbewa umasungunula polyester m'kanthawi kochepa. Tsiku loyamba lembani m'kope muyeso wa SWR, uja wosonyeza ngati eriyo ikulandira bwino mphamvu ya wailesi, pa mafunde amene mumagwiritsa ntchito, muzifananiza. Ukakwera mwadzidzidzi, pena pake pamasuka kapena paduka. Ukayamba kuoneka wabwino modabwitsa paliponse pamene mwayeza, koma anzanu akudandaula kuti mukumveka motsika, musasangalale: kawirikawiri ndi madzi alowa m'chingwe ndipo chikumeza mphamvu. Sendani kunsonga muone. Ulusi wakopa ukakhala wakuda kapena wobiriwira, dulani mpaka mupeze wowala, ndipo ukapanda kupezeka chingwecho chatha ntchito.

Mwanenanso kuti nyumba yanu ili ndi sola. Mukadzamva mkokomo wosatha m'wailesi, musathamangire kukweza mlongoti. Zimitsani inveta ndi mababu a LED, wailesi iyendere batire yokha, kenako muziyatsa chimodzichimodzi mpaka wopalamula apezeke.