Kodi "kutumiza kwaulere" pogula tiyi wakunja n'chilungamo?

Mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba za tiyi wanditumizira imelo yodandaula. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuitanitsa tiyi kwa wogulitsa wina wakunja. Pa webusaiti yake analembapo kuti ukagula katundu wofika madola 80 amakutumizira ulere. Ine tiyi ndimamwa ndekha pakhomo pano, ndiye ndimangogula wa madola 30, n'kulipiranso madola 18 otumizira. Mnzanga amagula wambiri ndipo salipira kalikonse. Ndaonanso kuti anthu a m'mayiko ena akangofika madola 50 basi, ulere wayamba. Kodi si ndiye kuti ineyo ndi amene ndikulipirira phukusi la anzangawa? N'chilungamo chimenechi?"

Mayi, mwafunsa bwino, ndipo ndisakunamizeni: inde, n'kutheka ndithu kuti pa phukusi la mnzanuyo pali kandalama kanu. Koma musanapse mtima, tiyeni tiyambe taona kumene ndalamazo zimalowera.

Ndege siuluka ndi madzi. Wonyamula makalata nayenso amalandira malipiro pakutha pa mwezi. Ndiye pamene webusaiti yalemba kuti "ulere", imangotanthauza kuti ndalamayo simuiona pa lisiti. Ilipo. Yabisala m'malo awiri okha: mwina wogulitsa waiwaza pa mtengo wa paketi iliyonse ya tiyi, kapena waichotsa pa phindu lake. Ambiri amachita zonse ziwiri, pang'ono uku pang'ono uku.

Ngati anaiwaza pa mitengo, dandaulo lanu lili ndi maziko, ndipo n'lalikulu kuposa mmene mwalinenera. Mumalipira kawiri. Koyamba mumagula tiyi pa mtengo wokwezedwa kale kuti ukwirire maphukusi aulere a ena, kachiwiri mumalipira phukusi lanulanu. Tiyerekeze kuti tiyi amene mumagulayo ndi wa masenti 20 pa galamu. Madola 30 anu akupatsani magalamu 150, koma zonse pamodzi mwatulutsa madola 48, ndiye galamu iliyonse yakufikani pa masenti 32. Mnzanuyo ndi madola 80 watenga magalamu 400, ndipo galamu yamufika pa masenti 20 omwe aja. Tiyi ndi yemweyo, wochokera m'thumba limodzi.

Komabe wogulitsayo ali ndi mbali yakenso. Phukusi laling'ono limamudyera nthawi yofanana ndi lalikulu. Ayeze tiyi pa sikelo, amate mapaketi, apeze katoni, alembe fomu ya a msonkho a pa malire, kaya ndi CN22 ya tinthu tochepa mtengo kapena CN23, apite nalo ku positi. Kampani yolandirira ndalama za pa khadi imadulanso yake pa malonda alionse. Ku positi nako magalamu oyambirira ndi amene amadula kwambiri, owonjezerawo amakwera pang'onopang'ono. Phukusi la magalamu 400 silidula katatu kuposa la magalamu 150, limangoposa pang'ono. Choncho wogula wambiri amamupulumutsiradi ndalama wogulitsa, ndipo kumubwezera gawo la ndalamazo si kuba ayi. N'chimodzimodzi ndi kuoda: wogula katoni yathunthu salipira mtengo wa wogula chimodzichimodzi, ndipo palibe amene amati wachitiridwa nkhanza.

Vuto langa ndi mzere umene amaujambulawo. Wa madola 79 alipire zonse, wa madola 80 asalipire kanthu. Dola imodzi imeneyo yasintha chiyani pa kulemera kwa katoni? Palibe. Mzerewo ndi nyambo, ntchito yake ndi kukukokani kuti muponyemo kapaketi kena mudengu. Njira imeneyi inafala kwambiri chifukwa cha Amazon, kampani yaikulu yogulitsa katundu pa intaneti, imene inayamba kutumiza ulere maoda akuluakulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kenako mu 2005 n'kuyambitsa Prime, umembala wa madola 79 pachaka woti azikutumizira katundu ulere. Ogula anazolowera, moti lero ngakhale munthu wogulitsa tiyi ali yekha m'kachipinda amakakamizika kulemba mawu akuti "ulere", apo ayi anthu amasiya dengu lodzaza n'kuchoka akangoona mtengo wotumizira. Ku France boma linaona kuti zimenezi zikupha masitolo ang'onoang'ono a mabuku. Lamulo la 2014 litaletsa kutumiza mabuku ulere, Amazon inayamba kulipiritsa senti imodzi yokha, ndiye kuyambira mu Okutobala 2023 lamulo likuti oda ya mabuku atsopano yosafika mayuro 35 izilipira mayuro 3 kapena kuposa. Imeneyo ndi nkhani ya mabuku, koma ikusonyeza kuti funso lanu lavutitsapo ngakhale opanga malamulo.

Nyambo imeneyi inandigwirapo ine ndemwe, ndipo pa tiyi imapweteka mwapadera. Chaka china ndinkafuna timapaketi tiwiri ta tiyi wobiriwira wongothyoledwa kumene. Nditaona kuti kwatsala pang'ono kuti ndifike pa mzere, ndinawonjezera atatu, n'kumadzitama kuti ndachenjera. Awiri oyambawo ndinamwa mosangalala. Paketi yachitatu inali bwinobwino. Pofika pa yachisanu miyezi inali itapita yambiri, ndipo nditang'amba paketiyo masamba amene anali obiriwira ngati msipu anali atasanduka otuwa, fungo lake ngati la udzu wouma. Ndinathira madzi, kulawa, n'kutaya mu sinki. Ndalama zimene ndinapulumutsa potumiza zinali zochepa kuyerekeza ndi za tiyi amene ndinatayayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyi wobiriwira sadikira munthu. Longjing wa ku Hangzhou ku China amene amathyoledwa chikondwerero cha Qingming chisanafike kumayambiriro kwa Epulo, shincha, tiyi woyamba wa chaka wa ku Japan wa mu Epulo ndi Meyi, matcha, tiyi wobiriwira waufa amene nthawi zambiri amagulitsidwa m'tizitini ta magalamu 30, onsewa amagulidwa chifukwa cha kununkhira kwa usopano wawo, ndipo kununkhirako kumatha. Darjeeling wa ku India woyamba kuthyoledwa mu Malichi ndi Epulo nayenso ndi wotero. Inu amene mumamwa nokha, mukawunjika tiyi wotere kuti mufike madola 80, mwagula zinyalala za mawa. Koma tiyi wakuda amasungika bwino m'chitini chotseka, oolong (tiyi wa pakati pa wobiriwira ndi wakuda) wokazinga kwambiri amapirira, ndipo tiyi wa pu-erh wa ku Yunnan ku China anthu amachita kumusunga dala zaka zambiri. Ngati pali chodzazira dengu, chikhale chimenecho.

Pali chinanso chokhudza tiyi chimene ogula ambiri sachidziwa. Makampani otumiza mwachangu monga DHL, FedEx ndi UPS sayang'ana sikelo yokha. Amayezanso kukula kwa katoni: mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kuchulukitsa zonse, n'kugawa ndi 5,000. Chimene chakula pakati pa nambala imeneyo ndi kulemera kwenikweni ndi chimene amalipiritsa. Tengani katoni ya masentimita 30 mulitali, 30 mulifupi ndi 20 msinkhu. Imawerengedwa ngati makilogalamu 3.6, ngakhale mutakhala kilogalamu imodzi yokha. Tsono tiyi woyera monga Bai Mudan ndi wa masamba otambalala, opepuka, osafuna kupanikizidwa, ndipo amadzaza katoni msanga. Pomwe pu-erh amaumbidwa ngati chimbale cholimba cha magalamu 357, ndipo zimbale 7 zomangidwa pamodzi m'makoko a nsungwi zimakwana pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka m'kamalo kochepa. Ku positi wamba nkhani imatembenuka, chifukwa phukusi laling'ono lopita kunja limalekezera pa makilogalamu awiri, ndiye mtolo wa pu-erh uja wadumpha kale malire n'kulowa m'gulu lodula. Mwaona? Anthu awiri akhoza kugula tiyi wa madola 80 aliyense, koma kutumiza phukusi la wina kukadula kutali ndi la mnzake. Wogula kachitini ka matcha wodula amathandiza kulipirira wogula tiyi wotchipa wolemera. Si inu nokha amene mukusenza mtolo wa ena.

Nanga za mayiko ena amene ulere wawo umayambira pa madola 50? Apa ndimamumvetsa wogulitsa kuposa pena paliponse. Mitengo ya positi imagawidwa potengera madera a dziko lapansi, ndipo kumene kumapita ndege zambiri ndi katundu wambiri kumatchipa. Kumene ndege ndi zochepa, kapena kumene maphukusi amasowa kawirikawiri, wogulitsa amawerengeranso ndalama zotumizira kachiwiri katundu akatayika. Sikuti amakudani. Akanati aike mzere umodzi kwa dziko lonse lapansi, ogula apafupi ndi amene akanamalipirira akutali, ndipo imelo yodandaula ikanachokera kwa iwowo.

Mitengo imeneyi ilinso ndi ndale zake. Mapositi a mayiko amagwirizana kudzera mu bungwe la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874. Kuyambira pa msonkhano wa 1969, positi ya dziko lotumiza imalipira positi ya dziko lolandira kandalama kofikitsira katundu pakhomo, ndipo mayiko amene ankawerengedwa kuti ndi osauka ankalipira zochepa. China inakhala m'gulu lolipira zochepali kwa nthawi yaitali, ngakhale pamene inali itayamba kutumiza timaphukusi tosawerengeka. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri kutumiza kapaketi kuchokera ku China kupita ku America kunkatchipa modabwitsa, ndipo gawo la mtengowo linkagwera positi yolandira. America inaopseza mu 2018 kuti ituluka m'bungweli, ndipo pa msonkhano wa ku Geneva mu Seputembala 2019 anagwirizana kuti iyambe kudziikira mitengo yake kuyambira mu Julaye 2020. Ndiye ena mwa maphukusi aulere amene anthu ankasangalala nawo ankalipiridwa ndi anthu oti tiyiyo sanamulawe n'komwe.

Pomwe ndimati pali chinyengo chenicheni ndi pamene mawu akuti "ulere" abisa zinthu ziwiri. Choyamba ndi njira yotumizira. Ena amakupatsa ulere koma pa njira yochedwetsetsa, yopanda nambala yolondolera katundu, ndipo salemba zimenezi poonekera. Tiyi wobiriwira akakhala milungu yambiri m'nyumba zosungiramo katundu zotentha amafika atakalamba kale. Chachiwiri ndi msonkho. Kutumiza kwaulere sikutanthauza kuti phukusi lifika pakhomo popanda cholipira. Mayiko a European Union anathetsa pa 1 Julaye 2021 lamulo lakale loti katundu wosapitirira mayuro 22 asamalipire VAT, ndipo wogulitsa amene analembetsa mu ndondomeko ya IOSS amatolera msonkhowo pogula pomwepo pa katundu wosapitirira mayuro 150. Amene sanalembetse, wogula amakalipira polandira, nthawi zambiri pamodzi ndi ndalama ina imene wonyamulayo amalipiritsa chifukwa chokonza mapepala. Ku America katundu wosapitirira madola 800 ankalowa wopanda msonkho kuyambira 2016, koma zimenezi zinatha mu Ogasiti 2025. Mayiko ambiri ali ndi malire awo a msonkho, ndipo oda yaikulu imene mwaikulitsa pofuna ulere ikhoza kukudumphitsani malire amenewo. Walira mvula walira matope. Musanakhudze batani lolipirira, fufuzani ngati palembedwa DDP, kutanthauza kuti wogulitsa walipiriratu misonkho, kapena DAP, kutanthauza kuti misonkhoyo ikudikirani inu.

Ine ndimakonda ogulitsa amene amaika mtengo weniweni wa tiyi, kenako n'kulipiritsa kutumiza malinga ndi kulemera ndi dziko. Poyamba zimawawa kuona nambala yachiwiriyo, koma ndimadziwa chimene ndikulipira, ndipo sindisenza za wina. Ogulitsa otere akucheperachepera, ndipo sindiwaweruza amene anagonja. Wogulitsa wanuyo, malinga ndi zimene mwalemba, sanabise kanthu: mzere analemba, mayiko anawasiyanitsa poyera, mtengo wanu wotumizira mumauona musanalipire. Sindingamutche wakuba. Ndingangoti dongosolo lake linakonzedwera munthu wogula zambiri, ndipo inu si munthu ameneyo.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi mnzanu uja. Popeza iye amafika kale pa madola 80, ponyani magalamu 150 anuwo mudengu lake, mukagawane phukusi likafika. Ngati mumakhala motalikirana, sinthani kagulidwe: m'malo moitanitsa katatu pachaka, itanitsani kamodzi, tiyi wobiriwira wokwana miyezi iwiri kapena itatu yokha, kotsalako mudzaze ndi wakuda kapena oolong wokazinga amene mukudziwa kuti mumumwadi. Maoda atatu a madola 48 ndi madola 144, pomwe oda imodzi ya tiyi wochuluka chimodzimodzi ndi madola 90.

Ndipo mulembereni wogulitsayo. Ogulitsa tiyi ambiri ndi anthu ochepa, nthawi zina banja limodzi, ndipo imelo amawerenga okha. Muuzeni kuti mwakhala mukugula kwa zaka ziwiri, mumufunse ngati magalamu 150 angalowe mu envelopu yokhuthala m'malo mwa katoni, ndiponso kuti njira imeneyo ingakhale ndalama zingati.