Musamutsekere m'chipinda, yambani mwapita naye kuchipatala

Achemwali, mwati mchimwene wanu wakhala akumwa mowa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, pano akumezanso mapiritsi oletsa ululu otchedwa tramadol, ndiye mukufuna malo omuthandiza kusiya. Ine ndiyankhe kaye anzathu akuti mungomukhomera m'chipinda kwa sabata kuti "zonse zituluke m'thupi". Chonde musayerekeze. Onena zimenezo sanaonepo.

Munthu amene thupi lake linazolowera mowa akasiya mwadzidzidzi, pakangodutsa maola 6 mpaka 24 manja amayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, kusanza, mtima kuthamanga. Ena amagwa ngati akhunyu masiku awiri asanathe. Choopsa chenicheni chimabwera cha patsiku lachiwiri kapena lachitatu, madokotala amati delirium tremens: mutu kusokonekera, thupi kutentha, kuona zinthu zoti palibe. Imeneyi imapha. Kuchipatala amamupatsa mankhwala onga diazepam n'kumachepetsa pang'onopang'ono, kuphatikizapo vitamini B1 woteteza ubongo. Tramadol nayenso payekha amatha kugwetsa munthu chimodzimodzi, ndiye adokotala muwauze zonse, ngakhale kuchuluka kwa mapiritsi amene amameza. Manyazi asiyeni pakhomo.

Msuweni wanga anamupititsa kumalo ena odzitcha rehabu (othandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo), kabuku kawo kokongola zedi, koma kunalibe dokotala ngakhale namwino. Usiku wachitatu ankakuwa kuti pakhoma pakuyenda njoka, iwo n'kumumanga ndi chingwe pabedi amvekere ziwanda zikutuluka. Anapulumuka chifukwa mlonda anatiimbira foni mobisa. Ndalama ya miyezi itatu imene tinalipiratu, pafupifupi malipiro anga a miyezi iwiri, sinabwerenso. Pemphero sindikulikana ayi, koma lipite limodzi ndi dokotala.

Choncho kulikonse kumene mungasankhe, funsani mosanyengerera: usiku kumagona wachipatala? Chiphaso cha boma chili kuti? Mungamuone liti? Akamakuzembani kapena kukukakamizani kulipiratu zonse, nyamukani.

China chimene ambiri amachiphonya ndi cha potuluka kumalo othandizirako. Tramadol ali m'gulu limodzi ndi morphine, ndipo munthu akakhala milungu ingapo osamwa, thupi limasiya kuzolowera. Akabwerera n'kumeza mlingo wake wakale uja, makamaka ataphatikiza ndi mowa, kupuma kumatha kuima. Mukaona akupuma mwapatalipatali, milomo yasintha mtundu, mukumugwedeza koma sakudzuka, mugonekeni cham'mbali n'kuthamangira thandizo, osati kudikira kuti "wangoledzera". Mufunsenso adokotala za naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya mankhwala a gulu limeneli munthu akamwa mopyola muyeso.

Kuyambiranso kumachitika kwa ambiri, musadzamutaye tsiku limenelo. Magulu a anthu othandizana kusiya mowa otchedwa Alcoholics Anonymous, omwe anayamba mu 1935 ku America, salipiritsa. Fufuzani ngati kwanuko alipo, ena amakumana pa intaneti.

Komanso ndalama m'manja musamupatse. Akati akufuna nsapato, mukagule nsapatozo nokha.