Chinkhupule cha maluwa okhaokha

Mayi wina wa ku Kabwata, muno mu Lusaka, wandilembera kuti chinkhupule chake chakuta mpanda wonse, maluwa achikasu ali mbwee, koma chipatso palibe ndi chimodzi chomwe. Kuwonjezera apo alandilodi akuti achidule, ati chikuitana njoka.

Mayi, mawu a njokawo ndi amene andiyambitsa kulemba, chifukwa changanso ku Chilenje chinafera bodza lomwelo. Mbewu zake anandipatsa azakhali ku Katete, zakuda bii, atazimanga pa kansalu. Ndinadzala ndi mvula yoyamba ya Novembala, ndipo pofika Januwale mabuloko sankaonekanso, khonde likuzizira ngakhale masana. Tsiku lina pochokera kutauni ndinapeza mnyamata wa eni nyumba akupukuta chikwanje, ntchito atamaliza kale. Njokayo palibe anaiona. Njoka imatsata makoswe, ndipo makoswe anali pa mulu wa zinyalala kuseri kwa nyumba yawo yomwe.

Ine ndimati muno mu Lusaka tadwala matenda a simenti. Munthu akangopeza kandalama, bwalo lonse mapeva, mango agwe, kenako mu Okutobala ayambe kudandaula kutentha. Mvula ikabwera madzi asowa kolowera, tonse tiziyenda nsapato kumanja. Ndiye tipite ku msika wa Soweto kukagula timaukonde tapulasitiki tosambira, pomwe chosambira chenicheni chimamera chokha pampanda! Mwana wa mlongo wanga ankaganiza kuti chinkhupule amachivuula m'nyanja. Ndinasowa chonena.

Za maluwa anuwo

Chinkhupule ndi mbale wa maungu ndi nkhaka, chimakhala ndi maluwa aamuna ndi aakazi pamtengo umodzi. Aamuna ndiwo amayamba, amabwera m'magulu n'kumayoyoka. Lachikazi limamera lokha, kumbuyo kwake kuli kachipatso kobiriwira. Dikirani, lituluka. Musapopere mankhwala, muthawitsa njuchi. Zikapanda kubwera, thyolani lamphongo m'mawa mukhudzitse pakati pa lachikazi. Manyowa a nkhuku chepetsani, amangochulukitsa masamba.

Zipatso zanthete phikani ndi tomato ndi anyezi. Zosambira zisiyeni pompo mpaka khungu lifiire, zipepuke, mbewu zizilira mukagwedeza. Mukatero sendani, kutumulani mbewu, tsukani, yanikani padzuwa.

Za alandilodiwo, sadzani masamba a m'munsi kuti pansi pazioneka poyera, muwaitane adzaone okha.